Zaka 9 chithyokereni kakolo: ndimayenda, koma sindinjuta

Kakolo wanga wakumanzere anathyoka mu February 2016. Lero ndimayenda wopanda ndodo kupatula potsika chitunda, ndimathyola tiyi, ndimapita ku Limbuli kukapikula nyemba, ndipo munthu wosandidziwa sangaganize kuti mwendo umenewu unang'ambidwapo kawiri, pokhapokha andione madzulo nditatopa. Koma kunjuta ndiye ayi. Papita zaka 9 chidendene changa chisanakhudze pansi ndili chonjuta. Wobadwira m'nyumba ya chimbudzi cha madzi mwina aseka, koma mayi wa kumudzi akudziwa kuti tsiku lake limathera ponjuta: pamafuwa, potsuka mbale, pochapa kumtsinje, kuchimbudzi. M'wodi ya kuchipatala imene ndinagonekedwa tonse tinali ndi funso limodzi, lakuti fupa lilumikizana liti. Panalibe wofunsa kuti mwendowo udzakhala wotani pakadzapita zaka zisanu kapena khumi, ndipo inenso sindinafunse. Paja safunsa anadya phula.

Kwathu ndi chakufupi ndi malire a Muloza, kumene minda imatsetsereka kuchoka kuphiri kulowera ku Ruo. Tili ndi kamunda ka tiyi kamene anatisiyira malemu amayi. Tiyi amaphuka bwino m'dzinja, nthawi yomwenso katondo wa kuno amaterera ngati therere. Tsikulo ndinkatsika ndi dengu lodzadza kumsana, kuthamangira kusikelo kuti galimoto yotenga masamba isandisiye. Phazi linalowa pakati pa muzu ndi mwala n'kukanirira pomwepo, thupi lonse ndi dengu lomwe n'kupotokera kumbali. Ndinamva kuti thyo, ngati nthambi youma ya bulugamu. Poyang'ana ndinaona phazi likuloza kumene silinalozepo chibadwire.

Pamene ankandifikitsa pakhomo n'kuti amayi aang'ono atatereka kale madzi oti andithowe. "Kumeneku n'kubinya chabe, tikathowa masiku atatu adzuka uyu." Bambo a kunyumba anakana mwaulemu. "Ayi amayi, taonani mmene lakhotera phazili. Awa ndi a kuchipatala." Pa zonse zimene anandichitira bambowa m'zaka zimenezi, mawu amenewa ndi amene ndimawathokozera kwambiri.

Kuchipatala cha boma anandijambula, ndipo adokotala a mafupa anaika chithunzi pawindo n'kundifotokozera. Ambiri mwa amene timawatcha adokotala a mafupa m'zipatala za m'maboma ndi makiliniko ofesa ophunzitsidwa mwapadera za mafupa, ndipo ndiwo amasamalira anthu ochuluka othyoka m'dziko muno. Anati kumunsi kwa bondo kuli mafupa awiri, lalikulu la msongolo ndi lina laling'ono la kunja. Pofika pakakolo mafupa awiriwa amapanga mphanda, ndipo kafupa ka pamwamba pa phazi kamalowa m'mphandamo n'kumasewera tikamayenda. Timfundo tiwiri timene mumatikhudza mbali ndi mbali ya kakolo ndi nsonga za mphandayo. Ine ndinathyola zonse ziwiri, komanso kachidutswa kena kakumbuyo kwa fupa lalikulu, ndipo kafupa ka pakati kaja kanali katatuluka m'malo mwake. Anandibaya jakisoni, anakoka phazi kulibwezera, anandimanga chikhakha cha theka, chakumbuyo kokha, n'kundilembera kalata ya ku Blantyre.

Kumeneko ndinagona masiku 12 opaleshoni isanachitike. Achemwali anga, amene anali gadiyani, ankadandaula tsiku ndi tsiku kuti atitaya chifukwa ndife akumudzi. Mzere wa odikira unalidi wautali, koma chifukwa china ndinachimvetsa pambuyo pake. Mwendo unali utatupa kwambiri mpaka kutuluka matuza, ndipo pakakolo palibe mnofu, ndi khungu ndi fupa basi. Akang'amba khungu lotupa chotero limavuta kusoka, ndipo bala likakana kupola chitsulo chimakhala pamtunda. Adokotala ankabwera m'mawa kudzatsina khungu kuona ngati layamba makwinya. Amene munauzidwa kuti muike mwendo pamwamba pa mapilo, musamautsitsetsitse pofuna kucheza ndi odzakuonani. Mukungodzitalikitsira tsiku.

Opaleshoniyo anandibaya pamsana, ndipo ndinkamva kulira kwa chobowolera ngati ndili kwa kalipentala. Mbali ya kunja anaika kachitsulo kophwatalala kotalika ngati chala chapakati ndi theka, kogwidwa ndi masikuluwu 6. Mbali ya m'kati anaika masikuluwu awiri aataliatali. Mawa lake dokotala wachinyamata amene anandichita opaleshoni ananena mawu amene sindinawasunge bwino pa nthawiyo, koma anadzandibwerera patapita zaka. Anati, "Mayi, chitsulochi sichilumikiza fupa. Chimangogwira kuti lisasunthe, lolumikiza ndi thupi lanu. Ndipo fupa lidzapola, koma mfundoyi yavulala. Imeneyi muzidzaisamala moyo wanu wonse." Ine ndinangoti zikomo adokotala, maganizo ali pa ana ndi chimanga chimene chinkayamba kucha kumudzi.

Anandiuza kuti ndisaponde kwa masabata 6. Ndinaponda pa sabata yachinayi. Kunabwera mvula yadzidzidzi chimanga chili pamkeka, pakhomo palibe wamkulu, ndodo zili patali. Ndinatsimphina mpaka pabwalo n'kukokera mkeka pakhonde. Usiku umenewo sindinagone ndi ululu, komanso mantha. Mwamwayi pokajambulanso anapeza kuti palibe chasuntha. Ndikuti mwamwayi chifukwa masikuluwu amatha kuzuka kapena kuthyoka, fupa n'kupolera pokhota, ndipo zikatero thumba la chimanga lija mwaligula ndi mwendo. Masiku ano ena amaloledwa kuyamba kuponda msanga, malinga ndi mmene fupa lathyokera ndi mmene chitsulo chagwirira. Koma wonena ndi amene anatsegula mwendowo n'kuona m'kati, osati mnzanu wa pabedi loyandikana amene anauzidwa zake.

Cholakwa changa chachikulu sichinali chimenecho. Chinali mafizo.

Atachotsa chikhakha ndinaona mwendo wachilendo, woonda ngati wa mwana, khungu likufunduka, phazi louma gwa ngati chikuni. Ananditumiza kwa a mafizo, ndipo mayi wina woleza mtima anandionetsa zochita. Kukhala pansi chotambalala, kukoleka chitenje kuphazi n'kumakokera zala kwa ine mpaka katumba amve kukokeka. Kulemba zilembo m'malere ndi chala chachikulu cha kuphazi. Kuima moyang'ana khoma, phazi lili pansi lonse, n'kumakankha bondo kuti ligunde khomalo chidendene osanyamuka. Pambuyo pake, kunyanyamphira nditagwira khoma, ndi kuima ndi mwendo umodzi. Anati ndizichita katatu pa tsiku, ndipo ndizibwera kudzaonedwa.

Ndinapitako kawiri kokha. Ndalama ya minibasi inali yomweyo ya ndiwo ndi sopo, ndipo miyezi itatu ndinali ndisanathyole tsamba ndi limodzi lomwe. Zochita kunyumba zija ndinachita mwina masabata awiri, kenako ndinasiya. Zinkapweteka, ana ankaseka akaona mayi awo akukankhana ndi khoma, ndipo ndinadziuza kuti munthu woyenda kumunda ndi kumjigo tsiku lililonse safunika mafizo, ntchito yomweyo ndi mafizo. Bodza limeneli ndi limene landilanda kunjuta. Thupi ndi lochenjera moipa. Kakolo akauma, limapeza njira yoyendera popanda kumupinda: phazi limaloza kunja, sitepe imafupika, chiuno chimathandizira. Umafika ndithu kumjigo, koma mfundo ija sinagwire ntchito. Miyezi yoyambirira ndi imene minyewa ndi zipsera za m'kati zimakhala zikadali zofewa moti n'kukokeka. Pamene ndinkadzidzimuka patatha chaka, zinali zitakhwima.

Mukhoza kudziyeza nokha. Imani moyang'ana khoma, gunditsani bondo kukhoma chidendene chili pansi, ndipo muzibweza phazi m'mbuyo pang'onopang'ono mpaka pamene bondo likulephera kufika. Yezani mpata wa pakati pa chala chachikulu ndi khoma. Mwendo wanga wabwino umakwana chikhatho chonse ndi kachala kena. Wothyokawu umakwana zala ziwiri. Kusiyana kumeneku kukuoneka kochepa, koma ndiye kunjuta kumene, ndiye kutsika chitunda, ndiye kutsika masitepe osatembenukira cham'mbali.

Chaka choyamba chinali cha kutupa. M'mawa mwendo umakhala bwinobwino, pofika madzulo kakolo ngati dzungu, nsapato osalowa. Ndinkaopa kuti mwina chitsulo chikuwola m'kati, koma anandiuza kuti kutupa kotere kumatha chaka ngakhale kupitirira, ndipo mankhwala ake ndi kukweza mwendo ukapeza mpata. Kutupa koopsa ndi kwina: bala likafiira n'kumatentha, likamatuluka madzi kapena mafinya, thupi likamatentha, kapena katumba akatupa n'kumapweteka mwadzidzidzi, makamaka ukamabanika popuma. Zimenezo si zodikira kuti tione mawa. Pamwamba pa phazi panalinso malo a dzanzi, moti nyerere inkatha kuyenda osaimva. Pali kamtsempha kamene kamadutsa pafupi ndi pamene amang'amba mbali ya kunja. Dzanzilo linachepa pang'onopang'ono, koma kamalo kofanana ndi ndalama yachitsulo kalipobe mpaka lero.

Za anthu ndiye musanene. Wina anandiuza kuti ndisamayende mvula ikamagwa chifukwa chitsulo chimaitana mphenzi. Wina anati chidzachita dzimbiri n'kundipatsa khansa. Ena ankanong'ona kuti pamuzu paja panali potchera, chifukwa chaka chimenecho tiyi wathu anachita bwino kuposa wa oyandikana nawo. Zitsulo za m'thupi amapanga ndi chitsulo chosachita dzimbiri, ndipo ndinadutsa nacho madzinja awiri a ziphaliwali za m'phiri muno osaona kanthu. Choona n'chakuti kukazizira mfundo imawawa. Chiperoni chikamabwera mu June ndi July, ine ndimadziwiratu nkhungu isanatsike m'phiri. Koma zimenezi zapitirira ngakhale chitsulo chachikulu chija chinachotsedwa, ndiye wolakwa si chitsulo.

Chinachotsedwa mu 2018. Ndine woonda miyendo, ndipo mitu ya masikuluwu inkaoneka pansi pa khungu ngati nthanga za nandolo. Jombo za kumunda zinkakhula pomwepo mpaka kusupuka, ndipo kugonera mbali imeneyo pamphasa kunali kosatheka. Adokotala anajambula, anaona kuti fupa linagwirana bwino, ndipo anavomera kuchotsa cha kunja chokha. Awiri a m'kati aja anawasiya poti sankandivuta, ndipo ndili nawo mpaka pano. Anandichenjezeratu kuti, "Mayi, tikuchotsa chokhula nsapato. Kuuma kwa mfundoku sikuchoka ndi chitsulo." Mumtima ndinkati akunama, chikangochoka ndinjuta. Sananame. Kukhula kunatha, kugona kunakoma, koma zala ziwiri zija zinakhalabe ziwiri. Ndiye amene mukuvutika kufunafuna ndalama kuti mukachotse chitsulo chimene sichikukupwetekani, dziwani kuti ambiri amakhala nacho moyo wonse popanda vuto. Kuchotsa ndi opaleshoni inanso, ya bala lake ndi zoopsa zake, ndipo mabowo a masikuluwu amasiya fupa lofooka kwa masabata angapo.

Kuyambira 2019 mpaka 2022 ndi zaka zimene ndinaiwalako za mwendo. Ndinkathyola tiyi ngati kale, ngakhale mizere ya pamtunda kwambiri ndinkasiyira ana. Bambo a kunyumba anandimangira kampando ka njerwa ndi simenti pamwamba pa dzenje la chimbudzi, kokhala ndi chivundikiro chake. Poyamba ndinkachita nako manyazi, koma lero alendo achikulire akabwera amatuluka akufunsa kuti anamanga ndani. Pophika ndimakhala pakampando, mwendo uli chotambasula. Chovuta ndi pamaliro. M'nyumba ya siwa amayi timakhala pansi usiku wonse, ndipo podzuka ndimayamba ndagwada, kugwira khoma, kenako kuimirira, anthu akundiyang'ana ngati nkhalamba ya zaka 80. Kugwada popereka madzi kwa akuluakulu ndimagwada ndi bondo limodzi, ndipo amene sakundidziwa amayesa mwano. Tchopa ndinasiya kuvina. Ndinayesa kamodzi ku Chonde pa mwambo wa Mulhako, nyimbo ziwiri zokha, ndipo ndinalipira ndi masiku atatu a pamphasa. Pano ndimaimba ndi kuomba m'manja, ndipo ndisaname, zimandiwawa mumtima kuposa m'mwendo.

Kenako kunabwera Freddy, mu March 2023. Za namondwe ameneyu aliyense wa kuno ali ndi nkhani yake, ndipo yanga ndi yaing'ono poyerekeza ndi ya amene anataya abale. Tinathawa usiku madzi atayamba kulowa m'nyumba, ine ndili ndi mdzukulu kumsana, kuponda m'matope ndi miyala yogumuka kuphiri mpaka kusukulu kumene anthu anasonkhana. Kuchokera pamenepo mwendo sunabwererenso mwakale. Ululu wake unali wachilendo, wa m'kati mwenimweni mwa mfundo. M'mawa masitepe khumi oyamba ndinkayenda ngati ndikuponda misomali, kenako n'kumasuka, madzulo n'kubwereranso. Nthawi zina ndinkamva kukhuluzika m'kati ngati muli mchenga.

Misewu itakonzedwa ndinapita kukajambulitsa. Fupa linali lolunga, lolumikizana bwino, moti pothyoka paja sipankaoneka n'komwe. Koma adokotala anandionetsa mpata wa pakati pa mphanda ija ndi kafupa ka phazi. Ku mwendo wabwino mpatawo unali woonekera bwino mbali zonse. Ku wothyokawu unali utachepa, makamaka chakutsogolo, ndipo m'mphepete munamera timafupa tosongoka ngati minga. "Imeneyi ndi nyamakazi yobwera chifukwa cha kuvulala," anatero. "Namondwe sanaiyambitse. Inayamba tsiku limene munagwa, yakhala ikubwera mwakachetechete."

Apa m'pamene mawu a dokotala wachinyamata uja anandibwerera. Nsonga za mafupa m'mfundo zimakutidwa ndi chicherewecherewe, choyera choterera chija mumachiona kumapeto kwa fupa la nkhuku. Fupa likathyoka limamera n'kulumikizana, koma chicherewecherewe chikaphwanyika sichimeranso ngati kale. Changa chinaphwanyika pamene kafupa kaja kanatuluka m'malo mwake dengu lili kumsana. Komanso mfundo ya kakolo ndi yaing'ono, pamene imasenza katundu woposa kulemera kwa thupi kangapo pa sitepe iliyonse. Anandiuza kuti kafupa ka pakati kaja kakangokhala kosuntha ndi milimita imodzi yokha, malo amene mafupa amakhudzana amachepa ndi magawo pafupifupi 40 pa 100 alionse, ndiye katundu yense amatsikira pa kamalo kochepa n'kumadya msanga. N'chifukwa chake amachita opaleshoni, kuti mphanda ibwerere ndendende mmene inalili. Opaleshoni imachepetsa ngoziyo kwambiri, koma siithetsa. Nyamakazi ya m'bondo ndi m'chiuno nthawi zambiri imabwera ndi ukalamba, pamene ya pakakolo ambiri amene ali nayo ndi oti anavulalapo kale, ena zaka 10, ena 20 zapitazo.

Musatenge nkhani yanga ngati ya aliyense. Nthawi imene ndinagonekedwa tinadziwana anthu angapo othyoka malo amodzimodzi, ndipo poti magadiyani amaphikira pamodzi, ubale unapitirira. Mnyamata wina wa kabaza wa ku Luchenza anathyola fupa laling'ono la kunja lokha. Anamuika chitsulo, anachita mafizo mokhulupirika poti ankafuna kubwerera panjinga, ndipo lero amasewera mpira Lamlungu. Akandiona amati, "Amayi, ine ndimachita kuiwala kuti unali mwendo uti." Ambiri amene fupa lathyoka malo amodzi, mfundo osaguluka, amathera pamenepo. Bambo wina wachikulire wa ku Thyolo anali ndi matenda a shuga ndipo ankasuta fodya. Bala lake linakana kupola, linachita mafinya, anabwerera ku opaleshoni kangapo, ndipo chaka chonse chinathera m'njira ya kuchipatala. Shuga ndi fodya ndi adani a bala ndi fupa lomwe. Ngati muli ndi shuga nenani msanga, ndipo yembekezerani kuti adzakuuzani kusaponda nthawi yotalikirapo kuposa anzanu.

Amene amandimvetsa chisoni ndi mayi wina wa msinkhu wanga amene anafika patatha miyezi itatu chithyokereni. Anayamba kwa sing'anga, anamutema mphini, anamumanga timitengo, ndipo fupa linalumikizanadi, koma chokhota. Anayenera kulithyolanso kuti aliwongole. Ndinakumana naye chaka chatha pa Chitakale akugulitsa nanazi, atakhala pansi, ndodo ili pambali. Sindikunyoza a zitsamba, ndipo ndikudziwa chimene chimatipititsa kumeneko: ali pafupi, salipiritsa thiransipoti, ndipo amakulandira ndi dzina. Koma dzanja silingaone milimita imodzi m'kati mwa mwendo wotupa.

Nditauzidwa za nyamakazi ndinachita chimene ambiri timachita, kugula bufeni pagolosale n'kumamwa ngati mtedza, nthawi zina m'mimba mulibe kanthu. Patapita miyezi ingapo m'mimba munayamba kutentha usiku. Anesi a kuchipatala chathu chaching'ono anandikalipira mwachikondi. "Mayi, mukufuna kuchiza mwendo n'kupha impso?" Mankhwala a mtundu wa bufeni, dikilofenaki ndi indosidi akamwedwa nthawi yaitali amatha kuyambitsa zilonda za m'mimba, kuononga impso ndi kukweza BP, ndipo amene ali pa mankhwala ena a tsiku ndi tsiku ayenera kufunsa kaye asanawaphatikize. Pano ndimamwa panado pa tsiku lovuta, bufeni mwa apo ndi apo nditadya, ndipo masiku ambiri sindimwa kanthu.

Zimene zandithandiza kwenikweni si mapilitsi. Choyamba ndi nsapato. Ndinasiya masilipasi ndi masofiya, ndinapita pakaunjika n'kusankha nsapato zothamangira za pansi pochindikala, zolimba, zokwera pang'ono kuchidendene ndi zopindikira m'mwamba kutsogolo, moti phazi limagubuduka lokha popanda kakolo kupinda kwambiri. Ndimavala ngakhale ndi yunifolomu ya Mvano, ndipo amene ankaseka anatopa. Chachiwiri ndi katundu wa pamutu. Ndowa ya malita 20 ndi makilogalamu 20, ndipo yonseyo imathera pa kamfundo kodyeka kaja. Madzi pano amatunga ana, kapena timaika zigubu panjinga. Thupi langanso ndinalichepetsako, poti ndinali nditanenepa. Potsika chitunda ndimatenga ndodo, ndipo ndimatsika mokhotakhota, osati molunjika. Kukwera sikuvuta kwambiri, kutsika ndiye mdani.

Ndipo ndinabwerera kukhoma kuja, zaka 7 mochedwa. M'mawa uliwonse madzi a tiyi akamawira ndimakoka chitenje, ndimakankha bondo, ndimanyanyamphira kakhumi kawiri, ndimaima ndi mwendo umodzi nditagwira chitseko. Zala ziwiri zija sizinafike zitatu, chifukwa pano timinga ta mafupa tija timatchinga kutsogolo. Koma katumba analimba, sindipunthwapunthwa ngati kale, ndipo ululu wa m'mawa umatha msanga. Mdzukulu wanga amachita nawo, akuyesa ndi masewera.

Kabuku kanu ka kuchipatala musataye, ndipo zithunzi za mafupa muzizijambula pafoni n'kutumizira wachibale. Zanga zoyamba zinapita ndi madzi a Freddy, moti adokotala analibe poyerekezera kuti aone liwiro limene mfundo ikudyekera. Kwa amene mumagwira ntchito m'maesiteti kapena kwina kulikonse kolembedwa, mapepala amenewa ndi ofunikanso kwambiri, chifukwa lamulo la chipukuta misozi kwa ovulala pa ntchito lilipo, ndipo ku ofesi ya leba amafuna umboni wa kuchipatala. Ine ndinagwa m'munda mwanga, ndiye wondipukuta misozi panalibe.

Ulendo womaliza adokotala anandiuza za njira imene yatsala ululu ukadzafika posapiririka. Amachotsa chicherewecherewe chotsalacho n'kumanga mafupawo pamodzi ndi masikuluwu kuti agwirane n'kukhala fupa limodzi. Mfundo ikasiya kusewera, ululu wa kukhulana umatha kapena kuchepa kwambiri. Anthu amayenda ndithu, ena osaoneka n'komwe kutsimphina akavala nsapato zabwino, chifukwa timfundo tina ta m'phazi timathandizira. Koma timfundo timeneto timasenza ntchito yoposa yake, ndipo pakapita zaka nato timatha kudyeka. Kulinso kuika mfundo yochita kupanga, koma anandiuza mosabisa kuti imeneyo si ya munthu wothyola tiyi pachitunda.

Ndinawafunsa kuti, "Nanga adokotala, inu mukanakhala ine?" Anaseka n'kunena kuti chithunzi sichimva kuwawa, womva ndi ine. Anati ena chithunzi chimaoneka choipa koma akuyenda bwino, ena chooneka bwino koma sakugona. Tsiku limene ululu udzayambe kundidzutsa usiku, kapena kundilepheretsa kufika kumunda, ndidzapite tikakambirane. Kupanda apo, ndizipita kukajambulitsa pakapita chaka kapena ziwiri.

Pakali pano ndimagona bwino, kupatula m'miyezi ya chiperoni. Bambo a kunyumba akuti tichite opaleshoniyo iwo akadali ndi mphamvu zondisamala, poti ikufunanso miyezi iwiri kapena itatu osaponda. Achemwali akuti ndisayerekeze, mwendo wang'ambidwa kawiri wakwana. Ine ndawauza kuti tidikire tithyole kaye tiyi wa dzinja lino, mwana wotsiriza alembe Fomu 4. Mizere ya kumunsi, kufupi ndi njira, ndi yanga. Ya kumtunda kuja, kumene kuli muzu uja, amathyola ana.